Pambuyo pa timu ya UConn, kuchokera ku Storrs mpaka ku Arizona, 2024

Lachitatu, 13 Malichi, Storrs

Storrs ndi mudzi wa sukulu. Mutachotsapo yunivesite ya Connecticut, yomwe aliyense amangoti UConn, pangatsale nkhalango, minda ndi makola a ng'ombe za sukulu yomweyo. Sitima sifika kuno. Munthu amatsikira ku Hartford n'kukwera basi, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Koma m'mudzi muno ndi momwe muli chikho cha basketball ya anyamata a m'makoleji a ku America, chomwe adachitenga chaka chatha atagonjetsa San Diego State 76-59. Chitengereni Florida chikhochi mu 2006 ndi 2007, palibe timu yomwe yachitengapo kawiri motsatizana, ndipo ulendo wathuwu ndi wokaona ngati anyamata a mphunzitsi Dan Hurley angathe.

Akatswiri atatu a chaka chatha adapita: Adama Sanogo wa ku Mali, Jordan Hawkins ndi Andre Jackson. Ambiri ankati timu ibwerera pansi, koma yamaliza ligi itapambana masewero 28 n'kugonja atatu okha. Mu ligi yawo ya Big East apambana 18 mwa 20. Asanu oyamba ndi awa: Tristen Newton woyendetsa masewero, yemwe adachokera ku East Carolina; Cam Spencer woponya patali, wochokera ku Rutgers; Stephon Castle wa chaka choyamba; Alex Karaban; ndi Donovan Clingan, mwana wa konkuno ku Bristol, wamtali masentimita 218. Pabenchi odalirika ndi Hassan Diarra ndi Samson Johnson wa ku Lomé m'dziko la Togo.

Masewero atatu omwe adagonja ndi ofunika kuwasunga m'mutu, chifukwa ndiwo akuonetsa pomwe timuyi ingabowokere. Pa 1 Disembala adagonja 69-65 kwawo kwa Kansas, Castle ali kunja ndi bondo. Pa 20 Disembala Seton Hall idawakwapula 75-60, ndipo Clingan adavulala phazi tsiku lomwelo. Pa 20 Febuluwale ku Omaha, Creighton idalowetsa mipira 14 ya mapointi atatu n'kupambana 85-66, patangopita masiku atatu UConn itaswa Marquette 81-53. Ndiye kuti njira zilipo ziwiri: wamtali uja asakhalepo, kapena adani aziponyera kutali mpira n'kumangolowa.

Kwa ozolowera NBA, ligi yaikulu ya akatswiri ku America, kapena malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, za kukoleji n'zosiyana pang'ono. Masewero ali ndi zigawo ziwiri za mphindi 20, osati zinayi. Timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 30 oti iponye, ndipo mpira ukagunda ring'i n'kuutolanso iwo omwewo, wotchi imabwerera pa 20. Mafaulo asanu munthu watuluka. Timu ikafika faulo yachisanu ndi chiwiri m'chigawo chimodzi, wochimwiridwa amaponya free throw imodzi, mpira wa pointi imodzi woponya popanda womutchinga, ndipo yachiwiri amaipeza pokhapokha yoyambayo italowa. Kuyambira faulo yakhumi amaponya ziwiri. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75, chimodzimodzi wa FIBA, choncho zonse tifotokoze m'masiku akubwerawa mphunzitsi wa kwathu angaziyese pabwalo lake popanda kusintha miyeso.

Lachinayi, 14 Malichi, New York

Kuchoka ku Hartford pali sitima yopita ku New Haven, ndipo kuchokera kumeneko ina imakafika ku New York m'maola awiri. Yabwino ndi yotsikira ku Penn Station, chifukwa bwalo la Madison Square Garden lidamangidwa pamwamba penipeni pa siteshoniyo. Mumangokwera masitepe, mwafika.

Lero ndi kotafainolo ya chikho cha Big East. Xavier inayamba ndi moto, n'kutsogola 10-0, koma masewero atha 87-60 mokomera UConn, yomwe yapereka mapasi 29 obala mapointi. Nambala imeneyi ndiyo ikufotokoza timuyi kuposa ina iliyonse.

Kuti munthu amvetse, asiye kuyang'ana mpira, ayang'ane Spencer. Newton akudutsa mzere wapakati mosathamanga. Clingan wakwera kudzaima pamwamba pa mzere wa free throw, kutali ndi ring'i, n'kulandira mpira. Spencer ali pakona, manja ali m'mawondo ngati watopa. Kenaka wanyamuka. Karaban wamuimira screen yoyamba, kutanthauza kuti waima nji ngati chipupa panjira ya womumaka. Castle waima yachiwiri mamita awiri kutsogolo. Spencer akudutsa mokhudza phewa la aliyense kuti womuthamangitsa asapeze mpata wolowera, n'kukatenga mpira m'manja mwa Clingan, yemwenso thupi lake lasanduka screen yachitatu. Apa omaka ali ndi zosankha zitatu, zonse zowawa. Womaka Spencer akadutsa kumbuyo kwa zipupazo, Spencer aponya wa atatu ali yekha. Womaka Karaban akasiya munthu wake kuti athandize, Karaban atsetserekera kunsi kwa ring'i. Wamtali wa adani akatuluka kudzatseka, Clingan athamangira ku ring'i ndipo mpira umupeza m'mwamba. Zonse zikakanika, sathamangira kuponya. Mpira umabwerera kwa Newton, n'kuyambanso dongosolo lina mbali inayo, wotchi ikadali pa 14 kapena 12.

Chomwe chimawononga kaseweredwe kotere m'matimu ambiri ndi kupupuluma. Wothamanga akanyamuka mnzake asanaponde pansi bwino, oyimbira amaimba faulo ya screen yoyenda. Akadutsa patali ndi phewa, womumaka amalowa pakati ndipo thukuta lonse lapita pachabe. Anyamata a Hurley amadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachisanu, 15 Malichi, New York

St. John's ya Rick Pitino imasewera ena mwa masewero ake a pakhomo m'bwalo lomweli, ndiye phokoso linali la mbali zonse. UConn yapambana 95-90, Newton yekha 25.

Mapointi 90 ndi ambiri kwa timu yomwe ikufuna chikho, ndipo chifukwa chake chinaonekera poyera. St. John's inakana kuyenda pang'onopang'ono. Ikangotola mpira inkathamanga Clingan asanabwerere kunsi kwa ring'i yake, ndipo munthu wa thupi ngati lake sangapikisane liwiro ndi magadi, osewera ofupikirapo osewerera kutali ndi ring'i, kwa mphindi 40. Masewero akasanduka mpikisano wothamanga, mphamvu ya UConn yotchinga imachepa. Lero awomboledwa ndi kuchinya. Aphunzitsi a matimu omwe akumane nawo kutsogoloku aonera kanema wa lero kangapo.

Loweruka, 16 Malichi, New York

Fainolo ndi Marquette, yomwe inalibe woyendetsa masewero wake Tyler Kolek chifukwa chovulala. Chigawo choyamba chinali cholimba, mipira ikukana mbali zonse, koma zathera 73-57 mokomera UConn. Clingan wachinya 22 n'kutola ma rebound 16, mipira yotoledwa woponya akaphonya. UConn idatenga komaliza chikho cha Big East mu 2011.

Titchule za kusinthana kwa amtali awiriwa, chifukwa si nkhani yongopumitsana. Clingan akakhala m'bwalo, adani akamuimira screen mnzake, iye satuluka. Amabwerera m'mbuyo n'kuima pafupi ndi ring'i, manja m'mwamba, pomwe gadi wa UConn akudutsa pamwamba pa screen kuti wa mpira asaponye wa atatu. Wa mpirayo amatsala ndi malo apakati, mamita anayi kapena asanu kuchokera pa ring'i, pomwe mpira umavuta kulowa koma umangopatsa mapointi awiri. Johnson akalowa zimatembenuka. Iyeyu ndi wopepuka miyendo, ndiye amatuluka mpaka kunja kwa mzere kukatsekereza wa mpira, kenaka n'kuthamangira kwa munthu wake. Gadi wa adani amene wazolowera njira imodzi kwa mphindi zisanu ndi chimodzi amangoona zasintha, ndipo apa ndi pomwe mipira imatayika.

Lamulungu, 17 Malichi, New York

Madzulo ano komiti yalengeza matimu 68 a mpikisano waukulu wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji a ku America. Chaka chino cha 2024 matimu 32 alowa chifukwa chotenga zikho za maligi awo, 36 enawo asankhidwa ndi komiti. Asanu ndi atatu amayamba apepetana ku Dayton kuti patsale 64, omwe amagawidwa m'zigawo zinayi za matimu 16. Woyamba pachigawo amakumana ndi wa nambala 16, wachiwiri ndi wa 15, mpaka choncho. Mukagonja kamodzi, mwalongedza. Kuti chikho chibwere pafunika kupambana kasanu ndi kamodzi motsatizana.

UConn yaikidwa pamwamba pa onse 68, m'chigawo cha kum'mawa. Phindu lake lenileni ndi maulendo: masewero awiri oyamba ku Brooklyn, awiri otsatira ku Boston, konse kofikika pa basi. Koma chigawocho n'cholemera. Muli Iowa State, Illinois ndi Auburn, onse atangotenga zikho za maligi awo, kuphatikizapo San Diego State. Ndipo Big East yalowetsa matimu atatu okha. Seton Hall, yomwe idagonjetsa UConn ndi mapointi 15, yasiyidwa panja. Ife tikuona kuti pamenepa komiti yalakwa.

Lachisanu, 22 Malichi, Brooklyn

Bwalo la Barclays Center lili pa siteshoni ya Atlantic Avenue, ndipo mu 2024 sitima yapansi kuchokera ku Manhattan inali madola 2.90. Tikiti ya masiku oyambawa imakhala ya masewero awiri otsatizana, choncho ndi bwino kufika msanga n'kuonera onse, poti wopambana m'masewero enawo ndi amene mukumane naye mkuja.

Stetson ya ku Florida yafika mumpikisanowu koyamba m'mbiri yake. Popuma zinali 52-19, pomaliza 91-52 mokomera UConn. Chofunika n'chakuti asanu oyamba apuma msanga ndipo palibe wavulala.

Lamulungu, 24 Malichi, Brooklyn

UConn 75, Northwestern 58. Mwa mipira 22 ya mapointi atatu yomwe UConn yaponya, yalowa itatu yokha. Matimu ambiri akuluakulu amafera tsiku ngati limeneli, dzanja likazizira. Awa popuma anali akutsogola kale 40-18.

Zatheka bwanji? Choyamba, kuthamanga kuja kopanda mpira sikudalira kuti wa atatu alowe. Omaka amamuopabe Spencer ngakhale waphonya kanayi, amamutsatirabe, ndipo kunsi kwa ring'i kumatseguka. Newton wachinya 20 n'kupereka mapasi 10 obala mapointi, ambiri a iwo olowera mkati. Chachiwiri ndi Clingan: mapointi 14, ma rebound 14, ndipo mipira 8 waiphula m'mwamba isanafike pa ring'i. Chachitatu ndi Castle. Mnyamatayu ndi wa masentimita 198, ndipo ntchito yake masewero alionse ndi kumaka katswiri wa adani. Lero anapatsidwa Boo Buie, yemwe ndi mtima wa Northwestern. Buie waponya ka 15, yalowa iwiri.

Kamakidwe ka Castle n'koyenera kuphunzira. Sathamangira kulanda mpira. Amaima motalikira dzanja limodzi, chifuwa chili moyang'anizana ndi munthu wake, ndipo screen ikabwera amaponya mwendo wakutsogolo pamwamba pake isanakhazikike. Akadutsidwa sagwira jezi. Amatsatira pambali, n'kumukankhira kwa Clingan ngati mbusa wolowetsa mbuzi m'khola.

Lachitatu, 27 Malichi, panjira ya ku Boston

Sitima ya Amtrak kuchokera ku Penn Station imatenga maola anayi kapena kupitirira pang'ono. Apa alendo ambiri amasokera: sitimayi imathera ku South Station, pomwe bwalo la TD Garden lili pamwamba pa North Station, ndipo palibe njanji yolumikiza masiteshoni awiriwa mwachindunji. Tsikirani ku Back Bay, siteshoni imodzi musanafike kumapeto, mukwere Orange Line. Imakutulani pakhomo pa bwalo. Kuno kukadali kozizira, jekete lochindikala lisatsale.

Kuchokera ku Storrs kufika kuno ndi ola limodzi ndi theka pa galimoto, ndipo Karaban kwawo ndi ku Southborough, kufupi ndi mzinda uno. Bwaloli likhala ngati la pakhomo.

Lachinayi, 28 Malichi, Boston

Kubwereza kwa fainolo ya chaka chatha. San Diego State ndi timu ya amuna okhwima, omaka mogundana, ndipo Jaedon LeDee anavutitsa m'chigawo choyamba. Popuma zinali 40-31. Zatha 82-52.

Nkhani ya lero ndi ma rebound: 50 kwa 29, ndipo 21 mwa a UConn anali a pa ring'i ya adani. Ganizirani mmene zimapwetekera. Mwamaka masekondi 25, mwadutsa ma screen asanu, mwakakamiza munthu kuponya movutikira, mpira waphonya, koma Castle wautola ndipo wotchi yabwerera pa 20. Muyambirenso. Zikachitika kakhumi miyendo imalemera, ndipo miyendo ikalemera mipira yanu yomwe imayamba kugunda kutsogolo kwa ring'i. N'chifukwa chake masewero a UConn amaoneka olimba mpaka popuma kenaka n'kuphwasuka. Sikuti amabwera ndi nzeru zatsopano kuchokera m'chipinda chosinthira. Amangopitiriza zomwezo kwa anthu otopa. Castle, yemwe ndi gadi, watola ma rebound 11.

Kutumiza anthu ambiri kukalimbira mpira pa ring'i ya adani kuli ndi ngozi yake: mukauphonya, kumbuyo kulibe munthu. UConn imasiya mmodzi kapena awiri akubwerera mpira ukangochoka m'manja, kawirikawiri woponyayo ndi yemwe ali pamwamba.

M'masewero achiwiri Illinois yatulutsa Iowa State 72-69.

Loweruka, 30 Malichi, Boston

Zomwe taona lero zidzakambidwa kwa zaka. Illinois inabwera ili imodzi mwa matimu ochinya kwambiri m'dziko muno, ndi Terrence Shannon yemwe mumpikisanowu palibe anali atamugwira. Kutatsala pang'ono kuti apume zinali 23-23. Kuchokera apo UConn inachinya mapointi 30, Illinois osachinya ngakhale imodzi. Asanu asanapume, 25 atabwerako. Bolodi inafika pa 53-23. Zathera 77-52.

Mphunzitsi wa Illinois, Brad Underwood, anasankha kuti anyamata ake azilowabe mkati kukakumana ndi Clingan. Maganizo ake ndi omveka: wamtali akachita mafaulo awiri msanga amakakhala pabenchi, ndipo njira imatseguka. Koma zimenezi zimatheka ngati wamtaliyo ali wolumphalumpha kapena wotsitsa manja. Clingan sachita zimenezo. Amadikira woponya anyamuke kaye, ndiye iye n'kukwera molunjika, manja ali chilili, chifuwa kutsogolo. Lamulo limalola womaka kukwera molunjika pamalo pomwe waima, ndipo kugundana kukachitika pamenepo si faulo yake. Mipira 19 yomwe Illinois yaponya iye ali pafupi, palibe womwe walowa. Wamaliza ndi mapointi 22, ma rebound 10 ndi ma block asanu, mipira yophulidwa m'mwamba. Shannon wachinya 8.

Tinali kumbuyo kwa ring'i yomwe Illinois inkaponyerako m'chigawo chachiwiri, ndipo pafupi pamaoneka zomwe kanema saonetsa. Pambuyo pa ma block oyamba aja, wolowa mkati ankayamba kuyang'ana komwe kuli Clingan asanayang'ane ring'i. Mpira ankauponya mokweza kuposa mwa masiku onse, kapena mofulumira, ndipo unkagunda thabwa n'kugwera m'manja mwa Spencer. Ma block asanu amalembedwa papepala, koma mipira yowonongeka chifukwa cha mantha silembedwa paliponse. Underwood anaitanitsa nthawi yopuma, sizinathandize. Ndipo lero UConn yalowetsanso itatu yokha ya mapointi atatu, mwa 17.

Atatha masewero anabweretsa makwerero ndi sizasi. Aliyense, kuyambira osewera mpaka othandizira, amakwera n'kudula kachingwe kamodzi ka neti, ena n'kukamangirira pa chipewa. Mphunzitsi amakwera pomaliza kudula chotsalacho. Umenewu ndi mwambo wa timu yomwe yapambana chigawo chake n'kulowa mu Final Four, ndime ya matimu anayi otsala.

Lachinayi, 4 Epulo, Phoenix

Matimu ena atatu a Final Four, Alabama, Purdue ndi NC State, adafika bwinobwino. Ndege ya UConn, yomwe inayenera kunyamuka dzulo madzulo ku Connecticut, inachedwa chifukwa cha vuto la makina ndi nyengo yoipa, ndipo timu yatera kuno itadutsa 3 koloko m'bandakucha. Onjezanipo kusiyana kwa nthawi: Arizona sasintha wotchi m'chilimwe, choncho mwezi uno ili maola atatu kumbuyo kwa Connecticut. Pomwe anyamatawa amagona, matupi awo amati kwacha kale. Mwayi wake masewero ali mkuja, usiku uwiri wogona ulipo.

Mpweya wa kuno ndi wouma kwambiri. Munthu samva thukuta chifukwa limauma lisanatsike, ndiye amaiwala kumwa madzi mpaka mutu uyambe kuwawa.

Lachisanu, 5 Epulo, Glendale

State Farm Stadium ili ku Glendale, kumadzulo kwa Phoenix, ndipo sitima ya mumzinda sifikako. Pafunika galimoto kapena basi, n'kunyamuka maola awiri nthawi isanakwane. Zikwama amalola zoonekera mkati zokha. Lero matimu onse anayi amachita zokonzekera poyera ndipo kulowa ndi kwaulere.

Ili ndi bwalo la mpira wa ku America uja wa zipewa zolimba, lokhala ndi denga. Thabwa la basketball aliika pakati, pansanja yokwera pafupifupi kufika m'chiuno, moti mabenchi ali m'munsi ndipo mphunzitsi amapatsidwa kampando pamwamba. Wothamangira mpira wotuluka ayenera kusamala, kutsogolo kuli phompho. Vuto lalikulu ndi la maso. M'bwalo wamba, kumbuyo kwa ring'i kumakhala anthu pafupi, ndipo diso limayeza mtunda mosavuta. Muno kumbuyo kwa galasi kuli chimalo chachikulu, ring'i imaoneka ngati ikulendewera m'malere. N'chifukwa chake oponya amatha nthawi yambiri ya lero akuzungulira mzere, kona ndi kona. Timu yodalira mipira yakutali ili ndi chodera nkhawa. UConn yaonetsa kale kawiri kuti ingapambane popanda iyo.

Usiku uno ku Cleveland atsikana a UConn agonja 71-69 kwa Iowa mu semifainolo yawo.

Loweruka, 6 Epulo, Glendale

Purdue yayamba n'kuchotsa NC State 63-50. Kenaka UConn ndi Alabama.

Alabama ya Nate Oats ndiyo timu yochinya kwambiri chaka chino, mapointi 90 pamasewero, ndipo chikhulupiriro chake n'chodziwika: ponyani wa atatu kapena pansi pa ring'i, zapakati ayi. Ndiye kuti inali ndi mankhwala aja a Creighton. M'chigawo choyamba inalowetsa 8 mwa 11 ya mapointi atatu. Timu ikaponya chonchi imayenera kukhala patsogolo ndi 10. Popuma inali kumbuyo 44-40.

Oats anasankha kumusiya Castle yekha kunja kwa mzere, poti ndiye woponya mofooka mwa asanuwo, kuti womumaka akathandize mkati. Castle analowetsa iwiri yoyambirira, kenaka anayamba kugwiritsa ntchito mpata womwe ankamupatsawo ngati msewu wothamangira ku ring'i. Wamaliza ndi 21. Kusiya munthu yekha kumathandiza ngati munthuyo angoima, osati kwa amene amadziwa kulowa kumbuyo kwa omaka.

M'chigawo chachiwiri Grant Nelson anaukhomera mpira pamutu pa Clingan, bwalo lonse n'kuimirira, ndipo posakhalitsa zinafika 56-56. Aka kanali koyamba mumpikisano uno kuti UConn ifike pakati pa chigawo chachiwiri isakutsogola. Sanasinthe liwiro. Newton anapitiriza kuyenda ndi mpira, ma screen anapitirira, ndipo oponya a Alabama, omwe anali atathamangitsa Spencer ndi Karaban kwa theka la ola, anayamba kuperewera. Atabwerako kopuma alowetsa itatu yokha mwa 12. Zatha 86-72. Asanu oyamba onse a UConn adutsa mapointi 10, ndipo timu yonse yataya mpira kanayi kokha. Mark Sears wa Alabama, wamfupi koma wolimba mtima, wachinya 24.

Lolemba, 8 Epulo, Glendale

M'mawa kunali kadamsana. Kuno dzuwa linaphimbika mbali imodzi yokha, anthu ali m'misewu ndi timagalasi takuda. Masewero anayamba 6:20 madzulo, yomwe kwathu ku Malawi ndi 3:20 m'bandakucha wa Lachiwiri. M'bwalo munali anthu oposa 74,000, ndipo ovala zakuda ndi zagolide a Purdue anachuluka kuposa a UConn.

Purdue ili ndi Zach Edey wa ku Toronto, masentimita 224, yemwe wasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji zaka ziwiri zotsatizana. Ilinso ndi bala: chaka chatha idatulutsidwa m'masewero oyamba ndi Fairleigh Dickinson, timu ya nambala 16. Kaseweredwe kake n'kosabisika. Mpira umapita kwa Edey kunsi kwa ring'i. Mukamusiyira munthu mmodzi, achinya. Mukatumiza wachiwiri, amautulutsira kwa anzake omwe chaka chino alowetsa mipira 40 mwa 100 iliyonse ya mapointi atatu. Matimu ambiri amasankha kutumiza wachiwiri, n'kufa ndi mipira yakutali.

Hurley anasankha zinazo, ndipo anaumirira ngakhale zinkaoneka zowawa. Edey anasiyidwa ndi Clingan yekha. Ena anayiwo anauzidwa kuti asachoke pa anthu awo zivute zitani. M'chigawo choyamba Edey ankachinya mobwereza, kutembenukira phewa lamanzere n'kuuponya ndi dzanja lamanja pamwamba pa Clingan, ndipo masapota a Purdue ankaona ngati zikuyenda. Koma masamu ake ndi awa: munthu mmodzi woponya ya mapointi awiri, ngakhale alowetse 15, ndi mapointi 30 okha. Otsalawo achokera kuti? Magadi a UConn ndi aatali, Newton 196, Castle 198, Spencer 193, pomwe Braden Smith woyendetsa masewero a Purdue ndi wa 183. Castle ndi Diarra ankamuyambira kutali, kumudyera masekondi asanayambe n'komwe dongosolo. Purdue yaponya mipira 7 yokha ya mapointi atatu usiku wonse, n'kulowa umodzi. Fletcher Loyer sanachinye. Benchi yonse ya Purdue yapereka mapointi awiri, mpira womwe Camden Heide anaukhomera mu ring'i.

Mbali inayo, Edey ankakokedwa kutuluka. Screen iliyonse inkaimiridwa ndi munthu wake, ndipo iye ankayenera kusankha kubwerera kapena kutuluka, kwa mphindi 39 zomwe wasewera. Popuma zinali 36-30. Atabwerako Newton anamuponyera Johnson mipira iwiri yam'mwamba motsatizana kumbuyo kwa Edey, yonse n'kukhomeredwa, ndipo mpata unayamba kukula.

Njira imeneyi inali ndi mtengo wake, womwe ndi mafaulo. Johnson anatuluka ndi asanu, Clingan anafika anayi, ndipo kwa kanthawi Edey ankamakidwa ndi Karaban, yemwe amachepa ndi masentimita 21. Zikadachitika mphindi khumi m'mbuyomo, bwenzi nkhani ili ina. Koma apa n'kuti mpata utadutsa kale 15, ndipo Purdue inkafunika mipira ya atatu yomwe sinkaipeza.

UConn 75, Purdue 60. Edey 37 ndi ma rebound 10, anzake onse pamodzi 23. Newton wachinya 20 ndi mapasi 7 obala mapointi, ndipo wasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Final Four. Masewero asanu ndi limodzi a mpikisanowu UConn yawapambana ndi mapointi 140 onse pamodzi, zomwe sizidachitikepo, ndipo kuphatikiza ndi chaka chatha ndi masewero 12 otsatizana opambana ndi mapointi oposa 10. Chaka chino amaliza atapambana masewero 37 n'kugonja atatu. Ichi ndi chikho chachisanu ndi chimodzi cha sukuluyi, pambuyo pa 1999, 2004, 2011, 2014 ndi 2023.

Banja la a Hurley linali pabwalo pomwe timapepala tinkagwa kuchokera kudenga. Bambo awo, a Bob Hurley, adaphunzitsa basketball kwa zaka zambiri pa sekondale ya St. Anthony ku Jersey City. Mkulu wake wa Dan, Bobby, adatenga chikho chomwechi kawiri motsatizana ngati wosewera wa Duke mu 1991 ndi 1992, ndipo mu 2024 ankaphunzitsa Arizona State ku Tempe, mbali ina ya mzinda womwe uno.

Loweruka, 13 Epulo, Hartford

Chikho chayendetsedwa m'misewu ya Hartford, kuchokera ku nyumba ya malamulo ya boma la Connecticut mpaka ku XL Center (dzina lake mu 2024), bwalo lomwe timuyi imasewerera ena mwa masewero ake a pakhomo. Misewu yapakati pa mzinda inatsekedwa, ndipo obwera pa sitima anapeza bwino poti kuchokera ku Union Station ndi mphindi zochepa wapansi. Osewera anali pamwamba pa mabasi opanda denga, ena akadali ndi tizingwe ta neti pa zipewa.

Newton ndi Spencer zaka zawo za kukoleji zatha. Clingan walengeza kale dzulo kuti akupita ku NBA, ndipo Castle akuyembekezeka kutsatira. Mwa asanu oyamba aja, amene angabwerere ku Storrs ndi Karaban yekha.